Kutsatira chilumba choyandama kuchokera ku Paris mpaka ku Lyon

Lolemba, Paris

Pa menyu ya malo odyera wamba muno mu Paris, cha m'munsi pamene amalemba zotsekemera zomalizira chakudya, simulephera kupeza île flottante, kapena kuti chilumba choyandama. Chimakhala pamodzi ndi crème caramel, mousse au chocolat ndi tarte Tatin, ndipo kawirikawiri chili m'gulu la zotsika mtengo. Chifukwa chake n'chosabisika: mulibe china koma mazira, mkaka, shuga ndi vanila. Zoyera za mazira amazipukusa ndi shuga mpaka zisanduke thovu lolimba, n'kuliphika pang'ono. Zachikasu zimalowa mu mkaka n'kukhala kasitadi wamadzimadzi amene kuno amati crème anglaise. Thovu lija amalikhazika pa kasitadi wozizira, n'kutsira karamelo (shuga wosungunulidwa pamoto mpaka kufiira), n'kuwaza tizidutswa ta mtedza wotchedwa amondi wokazinga. Palibe mbali ya dzira imene imatayidwa kupatula chikhokhombe.

Masana ano tadya pa brasserie ina (malo odyera wamba) cha ku Grands Boulevards, pa mtengo umodzi wa chakudya chachikulu ndi chotsekemera, umene amati formule. Mbale inabwera yolowa ndiponso yozizira, kasitadi atazama masentimita 2, chilumba chitatalika masentimita 7 kapena 8.

Pofuna kudziwa ngati chaphikidwa bwino, lowetsani supuni kuyambira pamwamba mpaka pansi. Idutse popanda chokana, ndipo pamene yadutsapo pasale khoma losalala la timabowo tating'ono tofanana. Thovu likamakanirira supuni n'kumabwerera m'malo mwake, ndiye kuti lapsa mopitirira. Pakati pakakhala poterera ndi ponyezimira, likadali laliwisi. Kenako yang'anani m'mphepete, pamene chilumba chakhudzana ndi kasitadi. Kamzere ka madzi oyera pamenepo kamasonyeza kuti thovu lakhetsa madzi, mwina chifukwa chokhalitsa mufiriji, mwina chifukwa sanalidonthetse litachoka pamoto. Cha lero chinalibe mavuto amenewa. Anaperewera ndi karamelo, amene anali wotuwa, wongozuna basi. Ntchito ya karamelo m'mbale imeneyi ndi kuwawira pang'ono, popeza zina zonse n'zofatsa ndi zozuna. Akapanda kuwawira, mukafika theka la mbale chimayamba kukola.

Pa menyu zina mupeza dzina lakuti œufs à la neige. Masiku ano ambiri amangosakaniza mayina awiriwa, koma ophika okhwima pa ntchito amasiyanitsa. Œufs à la neige ndi timibulu ta thovu toumbidwa ndi masupuni awiri n'kuphikidwa mu mkaka wotentha, pamene île flottante ndi thovu lalikulu lophikidwa m'chikombole mu uvuni. Dzina la œufs à la neige ndilo lakale, likupezeka kale m'buku la wophika La Varenne la mu 1651. Pa nthawi ya wophika wotchuka Auguste Escoffier, amene buku lake lalikulu linatuluka mu 1903, chilumbacho sichinali thovu n'komwe. Chinali keke yogona, yodulidwa mopingasa, yonyowetsedwa ndi mowa wa matcheri wotchedwa kirsch, yopakidwa jamu wa maapurikoti ndi kukutidwa ndi kirimu, kenako n'kukhazikidwa pa kasitadi. Mtundu umenewo simungaupezenso mwachisawawa, ndipo sitiudandaula: thovu ndi lopepuka, komanso limagwiritsa ntchito zoyera zimene zikanangotsala.

Lachiwiri, Paris, dera la Les Halles

Msika waukulu wa zakudya unasamuka kuno mu 1969 kupita ku Rungis, koma masitolo a ziwiya za ophika anatsala. Ku E. Dehillerin, pa rue Coquillière, sitolo imene inayamba mu 1820, mashelefu a matabwa afika kudenga, ndipo pakati pa mapoto a mkuwa pali mabakuli opukusira mazira. Pansi pake ndi pobulungira, palibe ngodya, kuti chipukuso cha waya chifike paliponse. Mkuwawo si wongokongoletsa. Tizidutswa take tosaoneka ndi maso timagwirana ndi limodzi mwa mapuloteni a choyera cha dzira, ndipo thovu limakhala lolimba, lochedwa kuwonongeka mukapitiriza kupukusa. Bakuli lotere limafuna kupukutidwa ndi viniga wosakaniza ndi mchere nthawi iliyonse musanaligwiritse ntchito, n'kulitsuka ndi kuliumitsa. Mtengo wake ndi wolemera. Bakuli la chitsulo chosachita dzimbiri, mutadonthezamo madontho 4 kapena 5 a mandimu, limagwira ntchito yomweyo mokwanira. Lopewa ndi la pulasitiki, chifukwa limasunga mafuta m'timikwingwirima ngakhale mutalitsuka ndi sopo, ndipo mafuta ndiye mdani wamkulu wa thovu. Kadontho ka chachikasu kogwera mu zoyera kamachita zomwezo.

Kuyenda pang'ono, pa rue Tiquetonne, pali G. Detou, kumene ophika makeke amagula vanila, amondi ndi chokoleti. Vanila wambiri kuno ndi wotchedwa Bourbon, wochokera kumpoto chakum'mawa kwa Madagascar, madera a Sambava ndi Antalaha, ndiponso ku Réunion, chilumba chimene kale chinkatchedwa Bourbon. Ku Réunion komweko mu 1841 mnyamata wa zaka 12 amene anali mu ukapolo, Edmond Albius, anapeza njira yobereketsera duwa la vanila ndi dzanja, ndipo ndi njira yomweyo imene alimi akugwiritsabe ntchito duwa ndi duwa. Chitheba chabwino cha vanila ndi chakuda, chonenepa, chonyezimira mafuta, ndipo chimapindika pa chala osathyoka. Chouma chothyoka chataya kale fungo lambiri. Mukamagula wa m'botolo werengani bwino: pakalembedwa arôme naturel de vanille, malamulo a ku Ulaya amafuna kuti pafupifupi fungo lonse lichokere ku vanila weniweni, pamene arôme vanille yekha akhoza kukhala wa kufakitale.

Mazira kuno ali ndi chidindo pa chikhokhombe. Nambala yoyamba imanena za kaweteredwe ka nkhuku: 0 ndi zoweta mwachilengedwe, 1 zoyenda panja, 2 za m'khola lalikulu, 3 za m'tizikwere. Otchedwa extra-frais sanapitirire masiku 9 chiikiridwe, ndipo ndi amene amayenera pa chakudya chosaphikidwa kwambiri ngati ichi. Dzira lalikulu, la chilembo L, limalemera magalamu 63 mpaka 73. Choyera chake ndi pafupifupi magalamu 33, chachikasu pafupifupi 19.

Muyezo umene titsatire ulendo wonse ndi wa anthu 6: mazira 6. Alekanitseni akadali ozizira, chifukwa chachikasu chozizira sichiphulika msanga, ndipo dzira lililonse liswereni pa kapu payokha musanathire choyera chake mu bakuli. Zoyerazo zisiyeni mphindi 30 zichoke chisanu. Zimakwana magalamu 200, ndipo shuga wake ndi magalamu 100, wosalala. Ndi theka la kulemera kwa zoyera. Meringue youma ya mu bekale, thovu lomweli loumitsidwa mu uvuni, imadya shuga wowirikiza kawiri kulemera kwa zoyera, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Yambani kupukusa pa liwiro lapakati, osati lalikulu. Liwiro lalikulu poyamba limapanga timabowo takulutakulu tosalingana, timene timaphwa pamoto. Thovu likayera ndipo chipukuso chayamba kusiya njira, thirani shuga magawo atatu, kusiya theka la mphindi kapena kuposerapo pakati. Mukathira shuga yense poyamba, thovu limachedwa kukwera ndipo silifufuma. Mukachedwa naye, zoyera zimauma, zimachita tizibuluma, madzi n'kuyamba kuonekera pansi pa bakuli, ndipo pamenepo shuga sangakonzenso kanthu. Malizani ndi masekondi 30 pa liwiro lalikulu. Mukatukula chipukuso, thovu likhale losalala, lonyezimira, nsonga yake itawerama pang'ono. Ophika kuno amati yapanga mlomo wa mbalame. Kamchere kamene maresipe ambiri amalamula sikalimbitsa thovu. Kathireni ngati mukufuna kakomedwe kake basi.

Thovu siliyembekezera. Madzi, mkaka kapena uvuni zikhale zitatentha kale musanagwire chipukuso.

Lachitatu, Bayeux ndi Isigny-sur-Mer

Sitima ya ku Normandie imanyamukira pa Gare Saint-Lazare, ndipo ku Bayeux imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo. Alendo ambiri amadzera magombe amene panamenyedwa nkhondo mu 1944, pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ife tadzera mkaka. Kuchokera ku Bayeux kupita ku Isigny-sur-Mer ndi makilomita pafupifupi 30 chakumadzulo, kudutsa madambo obiriwira amene amasefukira nthawi yachisanu. M'menemo mukudya ng'ombe za mtundu wa Normande, zamawangamawanga a bulauni ndi oyera, zokhala ndi mabala akuda mozungulira maso. Mkaka wake ndi wamafuta ambiri, ndipo batala ndi kirimu wa ku Isigny zinatetezedwa ndi lamulo la dzina la dera mu 1986.

Mu sitolo iliyonse ya ku France mtundu wa chivindikiro umakuuzani mkaka: chofiira ndi wathunthu, wa mafuta 3.5 peresenti kapena kuposa, cha buluu ndi wochotsedwa theka la mafuta, chobiriwira ndi wochotsedwa onse. Wa kasitadi ndi wa chivindikiro chofiira, ndipo ngati ulipo wa mufiriji tengani umenewo m'malo mwa wa m'katoni wokhalitsa, umene umamveka kakomedwe kophikidwa kale.

Pa nyumba ya alendo imene tagona, mayi wophika anatilola kuimirira pambali pa chitofu. Muyezo wake unagwirizana ndi wathu: mkaka mamililita 600, zachikasu 6, shuga magalamu 90, chitheba chimodzi cha vanila. Popeza kuno ndi kwawo kwa kirimu, anachotsa mamililita 100 a mkaka n'kuikamo kirimu. Kasitadi amalemerera pakamwa, koma musapitirire pamenepo, chifukwa thovu ndi lopepuka ndipo kasitadi wonona kwambiri amalimiza kakomedwe.

Ng'ambani chitheba m'litali, palani timbewu takuda ndi msana wa mpeni, ponyani zonse mu mkaka. Tenthetsani mpaka utangoyamba kuchita tithovu m'mphepete, zimitsani moto, vindikirani, dikirani mphindi 20. Pokhapo m'pamene musakanize zachikasu ndi shuga, ndipo mukangothira shuga yambani kupukusa nthawi yomweyo. Shuga wosiyidwa pa zachikasu amayamwa madzi ake, n'kusiya timibulu tolimba tachikasu timene sitisungunukanso. Pukusani mphindi imodzi kapena ziwiri mpaka mtundu utuwe. Palibe chifukwa chofufumitsa. Thovu lambiri pamwamba limangokubisirani zimene zikuchitika pansi.

Thirani gawo limodzi mwa magawo atatu a mkaka wotentha mu zachikasu uku mukutakasa, kenako bwezerani zonse mu poto. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Moto ukhale wochepa. Takasani ndi supuni yamtengo mopita uku ndi uku, kukhudza pansi ponse ndi m'ngodya za poto, kumene dzira limayambira kugwira. Mayiyo anaika choyezera kutentha kuti tione. Kuyambira madigiri 60 mpaka 75 panalibe chosintha chooneka. Cha pa 78 kathovu ka pamwamba kanayamba kuzimirira, supuni n'kuyamba kulemera. Pa 82 anatukula supuni, n'kudutsitsa chala pamsana pake: mzere unatsala woyera, kasitadi osautsekanso. Kuno amati kuphika à la nappe. Malire ndi 82 mpaka 84. Mukadutsa 85, mapuloteni a zachikasu amakanirirana mwamphamvu n'kufinya madzi, ndipo mumaona timibulu tosambira mu mkaka wamadzimadzi ndi fungo la dzira lokazinga. Pakati pa kasitadi wabwino ndi wowonongeka pali madigiri atatu okha, ndiye kuti masekondi ochepa.

Poto wokhuthala pansi amapitiriza kuphika ngakhale mwamuchotsa pamoto. N'chifukwa chake bakuli lozizira, lokhala m'beseni la madzi oundana, sefa itakhala pamwamba, liyenera kudikira pambali musanayambe. Khuthulirani momwemo nthawi yomweyo, ndipo muzitakasa mwa apo ndi apo kuti pasachite khungu. M'makhitchini a malonda muno lamulo ndi lakuti chakudya chotere chitsike kuchoka pa madigiri 63 kufika pansi pa 10 pasanathe maola awiri. Kunyumba tsatirani zomwezo, chifukwa mkaka ndi dzira zofunda ndi malo abwino a tizilombo. Mufiriji asapitirire masiku awiri. Akagona usiku umodzi, chitheba chili momwemo, amakoma kuposa wa tsiku lomwelo.

Ngati wangoyamba kuchita timibulu, muchotseni pamoto, thirani supuni ziwiri za mkaka wozizira, mugayeni ndi makina ogayira masekondi 20, n'kusefa. Popanda makina, dikirani azizire pang'ono, muthireni m'botolo lotsekeka bwino, n'kukhutchumula mwamphamvu. Amasalala, ngakhale amapyapyala. Amene wawira mpaka kubwata ndiye wapita.

Amene anakulira kasitadi wa ufa wa m'chitini, uja Alfred Bird anayambitsa ku Birmingham mu 1837 chifukwa mkazi wake sankayanjana ndi mazira, adzadabwa ndi kupyapyala kwa crème anglaise. Wa ufa amalimba ndi sitachi ya chimanga ndipo amafuna kuwira. Uyu alibe sitachi, sawira, ndipo kukhuthala kwake kusapose kwa thobwa losefedwa bwino. Chilumba chiyenera kusuntha mukagwedeza mbale.

Lachinayi, pa njira

Kuchokera ku Bayeux kupita ku Lyon mumadzeranso ku Paris. Mukatsika pa Saint-Lazare, mzere 14 wa metro, sitima ya pansi pa nthaka, umakufikitsani ku Gare de Lyon osasintha, ndipo sitima yothamanga ya TGV imatenga pafupifupi maola awiri kufika ku Lyon Part-Dieu.

Podikira sitima tinadya pa malo ena pafupi ndi siteshoni, ndipo chilumba chake chinali chitsanzo chabwino cha zogula zokonzeratu. Kasitadi anali wachikasu chowala, wonyezimira, woundana pang'ono moti supuni inkasiya dzenje. Ameneyo ndi wa m'katoni, wolimbitsidwa ndi sitachi ndi zina zotengedwa ku ndere za m'nyanja. Timadontho takuda tinalimo, koma fungo la vanila linali lakuthwa ndi losachedwa kutha. Mafakitale amagula timbewu ta vanila wofinyidwa kale kuti tizioneka chabe. Thovu linali la ngodya zinayi zowongoka bwino, lolimba, lozizira mpaka pakati, ndipo karamelo anali manyuchi a m'botolo opanda kuwawira.

Si chinyengo pa lamulo, bola asanene kuti aphika okha. Kuyambira mu 2014 mawu akuti fait maison ali ndi tanthauzo la lamulo, ndipo chizindikiro chake ndi kapoto kokhala ndi denga la nyumba m'malo mwa chivindikiro. Yang'anani pa menyu. Ngati palibe, funsani woperekera zakudya mwaulemu, kuyamba ndi Monsieur kapena Madame. Ambiri amayankha zoona. Menyu yokhala ndi zotsekemera 15 pa malo a ophika awiri yadziyankha kale.

Lachisanu, Lyon

Malo odyera achikhalidwe a kuno amatchedwa bouchon: tizipinda tothinana, nsalu za mabokosi ofiira ndi oyera pa matebulo, vinyo m'botolo lokhuthala pansi la masentilita 46 lotchedwa pot. Chakudya chake ndi cholemera, monga quenelle (mbulu wa nsomba yogaya) mu msuzi, chifu cha ng'ombe chokazinga chotchedwa tablier de sapeur, ndi saladi ya nyama yankhumba ndi dzira. Pambuyo pa zimenezi munthu safuna keke. N'chifukwa chake chilumba choyandama chili ndi malo ake kuno. Ambiri mwa malo amenewa ndi ang'onoang'ono ndipo ena satsegula Loweruka ndi Lamlungu, choncho sungitsani malo pasadakhale.

Cha ku Lyon chimadziwika ndi mtundu wake. M'malo mwa karamelo amagwiritsa ntchito pralines roses, amondi wokutidwa ndi shuga wa pinki, yemweyo amene amalowa mu tarte aux pralines ndi mu buledi wotsekemera wa ku Saint-Genix. Ku Halles de Lyon Paul Bocuse, msika wa pa cours Lafayette, amagulitsa pa kilo, athunthu kapena ophwanya. Sankhani amene amondi wake ndi wambiri. Otsika mtengo amakhala shuga wokhawokha, kapena mkati muli mtedza wamba.

Cha masana ano chinali cha chikombole, chodulidwa mbali imodzi kuchokera ku chachikulu. Mkati munali timadontho ta pinki pamene shuga anasungunuka n'kuyenderera pang'ono, pakati pa dontho lililonse kachidutswa ka amondi kokukutika. Kasitadi pansi anali atatenga mizere ya pinki. Chinapambana cha ku Paris, chifukwa m'kamwa munali cholumidwa.

Kapangidwe kake: pa zoyera 6 tsitsani shuga kufika magalamu 70, popeza pralines ndi shuga kale. Phwanyani pralines magalamu 100 m'nsalu, zidutswa zikhale zazikulu ngati theka la amondi, ndipo sefani fumbi lake muliike padera lowaza pamwamba. Fumbi likalowa mu thovu limasungunuka lonse n'kulinyowetsa, komanso mafuta a amondi wogayika amaliphwetsa. Sakanizani zidutswazo pomaliza, potembenuza kanayi kapena kasanu basi. Chikombole cha lita imodzi ndi theka chipakeni batala pang'ono ndi kuwaza shuga. Ikani thovu pang'onopang'ono, kukanikiza ndi msana wa supuni kuti pasatsale mphako, n'kugunditsa chikombole patebulo kawiri.

Chikombolecho chikhale m'thireyi la madzi otentha ofika theka la msinkhu wake, uvuni pa madigiri 140, mphindi 35 mpaka 40. Madzi a m'thireyi asawire. Thovu limakwera pang'ono kuposa mlomo wa chikombole, n'kudzabwerera likamazizira. Zimenezo si vuto. Vuto ndi pamene lakwera kwambiri n'kung'ambika pamwamba: uvuni watentha mopitirira, mpweya wa m'timabowo wafufuma kuposa mphamvu ya makoma ake, ndipo likatuluka limatsika kufika theka, lokwinyika ndi lotafunika. Pamwamba pakayamba kufiira msanga, phimbani ndi pepala lophikira. Mpeni wopyapyala utuluke woyera. Lisiyeni lizizire m'chikombole momwemo, kenako litembenuzireni pa mbale, n'kutaya timadzi timene tatuluka musanathire kasitadi mozungulira.

Loweruka, Lyon, phiri la Croix-Rousse

Kuno kunali kwa oluka nsalu za silika, ndipo nyumba zake zili ndi madenga aatali chifukwa cha makina olukira amene ankaimikidwa m'katimo. M'nyumba ina yotere, mayi wachikulire amene tikukhala kwawo anaphika za timibulu, njira ya pakhomo.

Anatenga poto wotambalala, n'kuthiramo mkaka uja wa vanila, wozama masentimita 4 kapena 5. Kutentha kwake kunali pakati pa madigiri 80 ndi 85: nthunzi ikukwera, pamwamba pakunjenjemera, koma popanda thovu lophulika. Anaviika masupuni awiri aakulu m'madzi ozizira, n'kutapa thovu ndi imodzi, kulisalaza ndi inayo, n'kulitsetsereza mu mkaka. Ankaika atatu kapena anayi basi pa nthawi imodzi, chifukwa amafufuma ndipo akakhudzana amamatirirana. Mphindi ziwiri mbali imodzi, kutembenuza ndi chipande chobooka, mphindi ziwiri mbali inayo. Kuti adziwe ngati apsa ankakhudza ndi chala: thovu lisamatirire, likane pang'ono. Kenako ankawayala pa nsalu yoyera yopindidwa, osati pa mbale, kuti mkaka udonthe.

Mbulu umodzi anausiya dala moto atakweza, kuti tione. Mkaka utangowira mbuluwo unatupa kuwirikiza, wokongola, ndipo pa nsalu unaphwa pasanathe mphindi imodzi, n'kusanduka kachikopa kopyapyala. Choyera cha dzira chimayamba kugwira cha pa madigiri 62 ndipo chimamaliza cha pa 80. Kutentha kopitirira apo kumangofufumitsa mpweya ndi kufinya madzi.

Mkaka wotsala anausefa, n'kuuyeza, n'kuwonjezera wina kubwezera mamililita 600, popeza wambiri unauluka. Ndi umenewo anapangira kasitadi. Ena amaphikira m'madzi kuti timibulu tikhale toyera mbee, koma a mu mkaka amakoma kuposa. Alipo amene amagwiritsa ntchito mayikulowevu: thovu m'kapu yopakidwa timafuta, masekondi 20 mpaka 30 pa mphamvu yapakati. Imafulumira ndipo maonekedwe amakhala aukhondo, koma masekondi 10 owonjezera amalisandutsa labala, ndipo silitenga kakomedwe ka mkaka. Amene anadyapo farófias ya Apwitikizi, kaya ku Lisboa, ku Maputo kapena ku Tete, aizindikira njira ya mayiyu; kusiyana n'kwakuti kumeneko mkaka amaununkhiritsa ndi khungu la ndimu, n'kuwaza sinamoni pamwamba m'malo mwa karamelo.

Karamelo ndiye chinthu chokhacho m'mbale imeneyi chofuna moto waukulu. Shuga magalamu 100, madzi masupuni aakulu awiri, mu kapoto kowala mkati kuti muone mtundu. Musatakase shuga akayamba kuwira, chifukwa supuni imabweza shuga ku timiyala, ingozunguzani poto. Cha pa madigiri 160 amayamba chikasu, cha pa 175 amafiira mwa bulauni ndipo kautsi koyamba kamaoneka. Chotsani pamenepo, n'kuviika pansi pa poto m'madzi ozizira kuti kupsa kuime. Mukafuna ulusi wolimba wothetheka, mutsireni nthawi yomweyo ndi foloko pa timibulu. Mukafuna wamadzimadzi, thirani madzi otentha mamililita 50 pang'onopang'ono, nkhope ili kutali, chifukwa amathovoka ndipo shuga wotentha chotere amamatirira pakhungu n'kuwotcha kwambiri. Amondi, magalamu 30 odulidwa mopyapyala, akazingeni padera pa chiwaya chouma mpaka afiire m'mphepete.

Lamlungu, Collonges-au-Mont-d'Or

Kukwera ndi mtsinje wa Saône makilomita ochepa kumpoto kwa Lyon pali nyumba yopakidwa zofiira ndi zobiriwira, malo odyera a wophika wotchuka Paul Bocuse, amene anamwalira mu 2018. Malowa anasunga nyenyezi zitatu za Michelin, ulemu wapamwamba kwambiri wa buku loweruza malo odyera, kuyambira 1965 mpaka 2020. Bocuse anaphunzirapo ntchito kwa Eugénie Brazier, mmodzi mwa amayi otchuka ophika a ku Lyon, amene mu 1933 analandira nyenyezi zitatu pa malo ake onse awiri. Pakati pa zotsekemera zodziwika za nyumbayi pakhala œufs à la neige zotchedwa dzina la agogo ake aakazi, zopangidwa ndi mazira, mkaka, shuga ndi vanila zomwe zija. Mtengo wa chakudya pano ndi wa tsiku lapadera. Ambiri amangoyenda m'mbali mwa mtsinje, kujambula nyumbayo, n'kubwerera kukadya mu mzinda.

Lamlungu masana ndi nthawi imene mabanja a kuno amaphika chakudya chimenechi, ndipo dongosolo lake ndi losavuta kulitsatira. Ngati mukuphika cha chikombole, kasitadi apangidwe dzulo lake madzulo, agone mufiriji wovindikiridwa, zoyera nazo zigone m'botolo lotseka. Thovu liphikidwe m'mawa, maola awiri kapena atatu chakudya chisanakwane. Likapitirira theka la tsiku limayamba kukhetsa madzi. Ngati ndi za timibulu ta mu mkaka, zonse zichitike m'mawa womwewo, kuyamba ndi thovu, ndipo kasitadi mumuziziritse pa madzi oundana. Zisungeni mosiyana, thovu pa nsalu kapena m'chikombole, kutali ndi anyezi ndi tchizi, chifukwa limakoka fungo lililonse la mufiriji. Mbale zodyera zilowe mufiriji mphindi 20. Munthu aliyense alandire kasitadi mamililita 100 mpaka 120.

Karamelo wolimba apangidwe anthu atakhala kale patebulo. Akakhala pa thovu lonyowa kupitirira theka la ola amasungunuka n'kusanduka madzi a bulauni otsikira mu kasitadi, ndipo amondi nayenso amafewa. Zotsala mukhoza kudya mawa lake, mutataya kaye timadzi ta pansi pa thovu, koma mufiriji ya ayisi musaikemo: kasitadi amadukaduka akasungunuka, thovu n'kusanduka chinkhupule chonyowa.